Line of Duty sizoni 6 yayamba (March 2021), koma episodi yoyamba ija mwaiona bwanji?

Bonya265
Amene mwaonera Line of Duty usiku wathawu pa BBC One bwerani kuno tikambirane chifukwa ine mtima sunakhale pansi. Amene simunaonere musapitirire kuwerenga, ndiulula zonse. Tadikira zaka pafupifupi ziwiri chithereni sizoni 5 mu May 2019, corona anaimitsanso kujambula ku Belfast kuja, nde akubwera ndi episodi yozizira chonchi? Jed Mercurio, mlembi wa filimuyi, timamudziwa kuti episodi yoyamba amakumenya nayo pachifuwa. Sizoni 2 Georgia anamuponya pa windo la chipatala, sizoni 3 Danny Waldron amene tonse timati ndiye mwini nkhani anaomberedwa tsiku loyamba lomwelo, sizoni 5 Maneet anamudula pakhosi. Dzulo ndakhala ola lathunthu kudikira kuti mwina pano, mwina pano, mpaka nyimbo yomaliza. Komanso wapolisi Kate wachokadi ku AC-12, nthambi ija yofufuza apolisi akatangale? Ine zandiwawa zimenezo.

Thobwa_Lozizira
Simuli nokha achimwene. Ine theka loyamba ndimangomva zilembo zokhazokha, CHIS, MIT, OCG, mutu kuzungulira.

MayiAwiri_Leicester
Ayi a Bonya apa ndikutsutsani. Episodi ija siyozizira, kungoti inu mumadikira mtembo wa munthu amene mumamudziwa. Taganizani mphindi zoyamba zija, mdipiti wa magalimoto a polisi uli pa liwiro kupita ku Beechwood House kukagwira munthu amene akuti anapha mtolankhani Gail Vella, mlandu woti wakhala chaka ndi miyezi osasuntha, nde bwana wa opareshoni yonse, Jo Davidson, akuti imani ndaona vani yokayikitsa pa shopu ya beting'i. Ine pamenepo ndinadzuka pa mpando. Galimoto ikuthamanga choncho, kamsewu kam'mbali, munthu ungaone vani ndikudziwiratu kuti muli akuba? Nde mwana uja anamuombera pamenepo simunamuone? Imeneyo si imfa?

Bonya265
Mnyamata amene sitikumudziwa ndi dzina lomwe asisi. Sizofanana ndi Maneet.

Kabaza_Express
A Thobwa, CHIS ndi munthu wotsina khutu apolisi mobisa, kazitape wawo wa m'gulu la zigawenga kapena woyandikana nalo. MIT ndi nthambi yofufuza milandu yakupha, kumene kuli Jo Davidson ndi Kate pano ku Hillside Lane. OCG ndi gulu la zigawenga lija takhala nalo kuyambira nthawi ya Tommy Hunter. Mukagwira zitatuzi basi zinazo muzingodutsa.

Thobwa_Lozizira
Zikomo man. Nde kazitape uja ndi amene wapezeka atafa uja eti?

Kabaza_Express
Yemweyo. Munthu yekhayo amene akanatha kuloza kuti Ross Turner, woganiziridwa kuti anapha Vella uja, ndi uyu kapena si uyu, wagwa kuchokera pamwamba pa nyumba. Ndiye wina aziti episodi inalibe kanthu.

Usiku_Shifiti
Ine ndaonera m'mawa uno pa iPlayer nditaweruka, ndipo chimene chandigwira si vani kapena Kate ayi, ndi Terry Boyle, amene apolisi anamupeza ku Beechwood House nkumugwira. Ndimagwira ntchito yosamalira anthu ngati Terry kuno, anthu a Down's syndrome ndi ena amene amatenga nthawi kuti amvetse zinthu, nde pomwe anamukhazika mu chipinda chofunsira mafunso muja ine misozi inalengeza. Munthu wotere ukamufunsa funso lomwelo katatu ndi mawu okweza amayamba kuyankha chimene akuona kuti iwe ukufuna kumva, bola umusiye apite kwawo. Nchifukwa chake lamulo la kuno, PACE ya 1984 ija, limati pakhale munthu wamkulu womuimira pambali pa loya, woti aziona ngati akumvadi zimene akufunsidwa. Koma ngakhale munthu ameneyo alipo, mantha amakhala alipobe. Ndipo zimene zigawenga zimamuchita Terry zoti zimalowa m'nyumba mwake nkumachita za iwo ngati kwawo, iye nkumati ndi anzanga, zimachitikadi kuno osati za mu filimu zokha. Ndinaonapo mnyamata wina amene timamuyendera, anyamata a mankhwala ozunguza bongo anamulanda fulati yake yonse iye kumagona pa mpando, ukamufunsa akuti amandikonda amandigulira chips. Zinatenga nthawi kuti avomere kuti akuopa. Tommy Jessop wasewera bwino kwambiri gawo limeneli, maso aja akungoyang'ana pansi, ine ndinawazindikira.

MayiAwiri_Leicester
Apa mwalasa asisi. Ndipo anthu akuiwala kuti Terry si watsopano. Sizoni 1 mtembo wa Jackie Laverty, chibwenzi cha Tony Gates chija, anakausunga mu fuliji ya kwa Terry. Sizoni 5 tinaionanso fuliji yomweyo. Dzulo apolisi akufika ku fulati kwake akupeza mwakolopedwa mwayera mbee, fuliji palibe. Terry yekha anganyamule chifuliji chimene chija?

Chigumu77
Nde funso ndi lakuti anaichotsa ndani ndipo anadziwa bwanji kuti apolisi akubwera

Nkhwazi_ya_Chipata
Davidson. Palibenso zofunsa apa. Anachedwetsa dala mdipiti kuti anzake achotse Carl Banks mu nyumba muja aikemo Terry. Zidindo za zala za Banks zapezeka mmenemo, nanga mwini wake ali kuti?

Mlonda_wa_Leeds
Mwafulumira kuweruza a Nkhwazi. Filimu iyi amene amakuonetsa poyamba kuti ndi woipa nkhani yake imakhala ndi mchira. Tony Gates anali wapolisi wabwino amene anakodwa chifukwa cha mkazi. Lindsay Denton tinamuda sizoni yonse ya 2, pofika sizoni 3 ndi iyeyo amene anafa akukana kugulidwa ndi Dot, wapolisi wakatangale uja. John Corbett timati ndi chigawenga pomwe anali wapolisi wobisala. Ine sindikukana kuti Davidson anapatutsa mdipiti dala, zimenezo ndikuvomera, ngakhale Steve ndi mtsikana watsopano uja Chloe a ku AC-12 aona pa makamera kuti nthawi yoonera vani inali yochepa zedi. Chimene ndikukana nchoti iyeyo ndiye bwana. Munaona chitseko cha kunyumba kwake? Maloko aja ndi angati? Munthu amene akulamula zigawenga sadzitsekera choncho. Ameneyo ndi munthu wamantha, pali amene wamugwira pakhosi. Kenako akuyang'ana chithunzi cha mayi ake nkuswa tambula ya wayini. Pali nkhani ya kubanja pamenepa, mudzandiuza.

Nkhwazi_ya_Chipata
Wamantha kapena ayi, wasiya munthu wosalakwa kuti asenze mlandu wakupha. Ine chisoni ndilibe naye.

Mlonda_wa_Leeds
Koma ndi yemweyonso amene wamutulutsa Terry osamutsegulira mlandu. Akanafuna kumumaliza akanatha, zithunzi za Vella zinali mbwee pakhoma.

Dzungu_la_Dedza
Inu muli kunja mukutipweteka. Kuno iPlayer sigwira, bandulo yake yoti ukokere ola lathunthu ndi ndalama ya ndiwo za sabata, ine ndimadikira mnyamata wina woika mafilimu pa flash ndipo akuti mpaka Lachitatu. Koma ndawerenga zonse, sindikanatha kupirira.

Thobwa_Lozizira
Pepani ankolo, munachenjezedwa pamwamba paja.

Dzungu_la_Dedza
Palibe vuto, ndikaonera ndidzakhala ndikudziwa poyang'ana. Ingondiuzani, Hastings bwana wa AC-12 ali bwanji? Madala amene aja ndimawakonda.

Kabaza_Express
Madala afooka ankolo. Akuluakulu a polisi akuwakankhira pambali, mayi Wise aja sakufuna ndi kumva komwe za katangale wa m'kati mwa polisi. Paja sizoni 5 inatha atapatsidwa chenjezo lomaliza, nde pano akuyenda mosamala, AC-12 yangotsala yofufuza timilandu ta apolisi onama kuti akudwala. Mpaka Steve watopa, wakakumana ndi Nicky Rogerson kufunsa ngati kuli malo kwawo.

Gogo_wa_Nottingham
Ana inu mundilole ndinene za Hastings, chifukwa ndikuona aliyense akumutenga ngati woyera. Ine bambo ameneyu sindinamukhululukire. Sizoni 5 anatisiyira mafunso atatu amene sanayankhidwe bwinobwino. Anakataya laputopu yake ku shopu yophwanya makompyuta, chifukwa chimene anapereka nchoti amaonerapo zolaula, mwina nzoona mwina ayi. Anapita ku ndende ya Blackthorn kukaonana ndi Lee Banks yekhayekha, posakhalitsa zigawenga zadziwa kuti pakati pawo pali kazitape, Corbett waphedwa. Ndalama zija anapatsidwa mu envelopu zinali £100,000, zimene zinapezeka ndi theka, theka linalo tinamuona nalo ku manda akupita kwa Steph mkazi wa Corbett. Tsono dzulo dzina limene latuluka ndi Carl Banks. Banks winanso. Mukuganiza kuti mlembi wasowa maina? Ine sindikunena kuti Hastings ndi H, bwana wa polisi wobisika uja wogwira ntchito ndi zigawenga, Carmichael amene anamufufuza anayesa kumupanikiza zinakanika ndipo zinaoneka kuti loya Gill ndi amene amamutchera msampha. Koma munthu atha kukhala wosakhala H nkukhalabe ndi magazi m'manja. Ngati anauza Lee Banks za Corbett chifukwa chokwiya kuti Corbett anazunza mkazi wake Roisin, ndiye kuti anapereka wapolisi mnzake kuti aphedwe. Zimenezo zidzatuluka sizoni ino, ndipo amene adzazitulukire ndi Steve, ndipo zidzamuswa mtima.

Bonya265
Agogo apa nde mwandipatsa chifukwa choonera Lamulungu likubwerali. Za Banks ine sindinazigwire.

Chigumu77
Hastings akadzapezeka kuti ndi woipa ine ndidzasiya kuonera TV ya azungu

NaMbewe_Luton
Ine ndibwerere kwa Kate. Sindikukhulupirira kuti wachoka. Mtsikana ameneyu ntchito yake kuyambira 2012 ndi yolowa m'magulu a anthu mobisa, analowa kwa Gates, kwa Denton, kwa anyamata a mfuti a Waldron, kwa Roz Huntley. Lero akapezeke mwangozi ali pambali penipeni pa munthu amene AC-12 ikufuna kumufufuza? Ayi. Hastings wamutuma, kungoti Steve sanauzidwe.

MayiAwiri_Leicester
Ndinaganizanso choncho poyamba koma taonani, Buckells ndi bwana pa Hillside Lane ndipo Buckells amamudziwa Kate bwinobwino, sizoni 4 anamuzindikira ali kwa Huntley. Aliyense pa siteshoni paja akudziwa kuti anachokera ku AC-12, akumunena ndi kumunena. Ungabisale bwanji pamalo poti aliyense akudziwa kumene wachokera? Ine ndikuona kuti wachokadi chifukwa anasiya kumukhulupirira Hastings pa zimene agogo anenazi. Ndipo nchimene chikupangitsa kuti nkhani ikome, chifukwa pano Steve akamupempha kuti atithandize, akumupempha kuti apereke bwana amene akumukonda ndi kumulemekeza.

NaMbewe_Luton
Kumukonda kwake kuti? Paja Farida, wapolisi wa ku MIT amene anali chibwenzi cha Davidson, akuti pali zina pakati pa awiriwa

Thobwa_Lozizira
Mmene amayang'anirana muja ine ndinaona kuti Farida sakunama

Usiku_Shifiti
Farida ndi wansanje inde, chibwenzi chatha ndipo zikumupweteka, koma mantha amene anali nawo poyankhula ndi Steve si a nsanje. Amanjenjemera. Ndipo vuto lake ndi lomwelo, tsiku limene AC-12 idzadziwe kuti anali pa chibwenzi ndi Davidson umboni wake wonse udzaoneka ngati wa munthu wokanidwa amene akufuna kubwezera. Davidson akudziwa zimenezo. Ine ndikuopa kuti Farida safika episodi 4.

Wa_ku_Joni
Anthu inu palibe amene akukamba za Gail Vella mwini wake. Anaphedweranji? Mtolankhani saomberedwa pakhomo pake ndi chipolopolo cha m'mutu chifukwa cha munthu wongomusirira pa TV. Amafufuza chinachake. Dzina lakenso limenelo, Vella ndi dzina la kwawo la Daphne Caruana Galizia asanakwatiwe, mtolankhani wa ku Malta amene anaphedwa ndi bomba la m'galimoto mu October 2017 akufufuza katangale wa akuluakulu a boma, nkhani yake inafika pogwetsa nduna yaikulu Joseph Muscat kumayambiriro kwa 2020. Ine sindikuona ngati dzina limeneli langogwera pamenepo.

Gogo_wa_Nottingham
Ndipo ife amene tinali kuno kale tikuona Jill Dando. Mayi ameneyu amaulutsa Crimewatch pa BBC, anaomberedwa pakhomo la nyumba yake ku Fulham mu April 1999 masanasana. Apolisi atasowa pogwira anakatenga Barry George, bambo wa m'dera lomwelo amene mutu wake sumayenda bwino kwenikweni ndipo kunyumba kwake kunali zithunzi ndi manyuzi ambirimbiri. Anamupeza wolakwa mu 2001, umboni waukulu kanali kachidutswa kamodzi ka wonga wa mfuti m'thumba la jekete. Anakhala m'ndende mpaka 2008 pomwe khoti linamumasula mlandu utazengedwanso. Mpaka lero amene anapha Dando sanapezeke. Tsono mukaona zithunzi za Vella pakhoma la Terry, mlembi akukukumbutsani nkhani imeneyo. Anachitanso chimodzimodzi sizoni 4 ndi Michael Farmer. Nkhani yake ndi imodzimodzi, apolisi akapanikizidwa kuti apeze munthu amatola amene sangathe kudziyankhulira.

Dzungu_la_Dedza
Agogo zimenezo si za ku UK kokha. Kuno mu July 2015 anapha Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a ACB, mtembo unapezeka ku Lilongwe atakwirira, galimoto yake atayiotcha. Papita zaka zambiri sitinamve kuti wina wapezeka wolakwa. Ine ndikamaonera AC-12 ndimaganiza za bambo ameneyu. Kumeneko bola amakhala ndi makamera m'misewu, ma foni amawatsata, zidindo za zala zili mu kompyuta.

Wa_ku_Joni
Makamera sathandiza ngati woyang'ana makamerayo ndi amene wagulidwa ankolo. Filimu yonseyi ikunena zimenezo.

NaMbewe_Luton
Komanso musaganize kuti kuno anthu akuwakhulupirira apolisi pakali pano. Mu March 2021 momwemu wapolisi wa ku London anamangidwa pa imfa ya Sarah Everard, azimayi atapita kukalira ku Clapham Common apolisi anakawagwiragwira. Ine dzulo ndimaonera ndi mtima wina, osati ngati kale.

Nkhwazi_ya_Chipata
Tibwerere ku filimu abale tisanayambe ndale, gulu lino likayamba zimenezo sitimalizana bwino. H ndi ndani? Aliyense atchule dzina limodzi.

Kabaza_Express
Choyamba tikonze kaye, H si dzina la munthu mmodzi loyamba ndi H ngati mmene timaganizira kale. Kumapeto kwa sizoni 5 Steve ndi Kate anaoneranso kanema wa Dot akumwalira, dzanja lake limagogoda kanayi, ndipo mu Morse madontho anayi ndiye H. Kutanthauza anthu anayi a m'kati ogwira ntchito ndi zigawenga. Atatu tikuwadziwa, Dot Cottan mwini wake, Derek Hilton, Gill Biggeloe. Watsala mmodzi. Nde dzina lake litha kuyamba ndi chilembo chilichonse.

Bonya265
Za Morse zija ine mpaka lero sindinazilandire. Munthu waomberedwa akufa, m'malo mongotchula dzina akuyamba kugogoda zala?

Mlonda_wa_Leeds
Pamenepo tikugwirizana, zinali zokoka. Koma poti ndi zimene atipatsa, ine ndikuti Osborne. Bwana uja wa sizoni 1 amene anyamata ake anaombera Karim Ali, munthu wosalakwa atanyamula mwana, nkuwauza onse kuti akaname ku khoti. Steve anakana ndipo nchifukwa chake anapezeka ku AC-12. Filimu inayambira pa munthu ameneyu ndipo sanalangidwepo.

MayiAwiri_Leicester
Wise. Amayankhula mofatsa kwambiri ndipo chilichonse chimene amachita ndi chotseka kafukufuku.

Chigumu77
Carmichael

Thobwa_Lozizira
Carmichael ndi wankhanza chabe, si wakuba. Amafuna mpando basi.

Mbewa_Yowamba
Mundiseka koma ine ndikuti Buckells. Ndakhala chete ndikuwerenga, palibe amene wamutchula ngati wokayikitsa, pomwe dzulo zinthu ziwiri zimene zinaononga opareshoni zinadutsa m'manja mwake. Uthenga wa kazitape unabwera usiku, Davidson amafuna anyamuke nthawi yomweyo, amene anati dikirani kuche ndi Buckells. Apolisi amene amazonda nyumba ija anachotsedwapo kwa maola angapo chifukwa chilolezo chinalembedwa cholakwika, wolemba chikalatacho ndi Buckells. Popanda mpata umenewo vani ya Davidson sikanathandiza kanthu chifukwa azondi akanaona Banks akutuluka Terry akulowa. Bwererani m'mbuyo. Sizoni 1 anapatsidwa mlandu wa Jackie Laverty, sunapite kulikonse. Sizoni 4 analowa m'malo mwa Huntley, Kate nkuululika. Munthu ameneyu paliponse pamene zinthu zafera alipo, koma chifukwa amaoneka wopusa ndi waulesi timangoti ndi Buckells ameneyo. Nanga munthu wolephera chonchi wakwera bwanji mpaka kukhala superintendent, udindo wofanana ndi Hastings? Akumukweza ndani? Komanso amakonda gofu, ndipo Tommy Hunter ndi Dot anadziwana ku gofu.

Nkhwazi_ya_Chipata
Buckells?? Amwene munthu uja sangayendetse ndi okala yomwe, nde ayendetse zigawenga za mzinda wonse?

Mlonda_wa_Leeds
A Mbewa mfundo zanu ndi zomveka koma ndikuona ngati ndi nyambo. Mercurio amadziwa kuti anthu amaimitsa kanema nkumawerenga mapepala a pa tebulo, nde amaika dala zinthu zoti tizithamangitsa. Tadikira kuyambira 2012, akadzatiuza kuti ndi Buckells anthu adzaphwanya ma TV.

Mbewa_Yowamba
Ine sindinati ndi wanzeru. Ndati ali pamalo oyenera nthawi zonse. Zigawenga sizifuna wanzeru, zimafuna womvera amene angasaine pepala lolakwika nkunena kuti pepani ndinasokoneza.

Usiku_Shifiti
Chimene a Mbewa akunena ndimachiona ku ntchito. Pepala likalakwika palibe amene amafunsa ngati walakwitsa dala, amangoti phunzirani pa zimenezi nkutseka nkhani. Malo abwino obisalapo ndi amenewo.

Gogo_wa_Nottingham
Pali mwana wina amene nonse mwamuiwala. Ryan Pilkington. Kamnyamata ka pa njinga ka sizoni 1 kamene kanafuna kudula zala za Steve ndi chodulira mawaya. Anakula, ndi iyeyo anadula Corbett pakhosi, ndipo sizoni 5 inatha akulowa sukulu ya polisi. Pofika pano wamaliza maphunziro, wavala yunifolomu. Ndiye Dot watsopano ameneyo. Ndiponso ndi Ryan amene amalowa m'nyumba mwa Terry kuyambira ali mwana. Terry akati mnzanga, ine ndimamva Ryan.

Thobwa_Lozizira
Eee agogo thupi langa lachita tsembwe. Nde akamutumiza ku Hillside Lane, Kate amuzindikira?

MayiAwiri_Leicester
Anamuona ali kamwana, papita zaka. Koma wosewera wake ndi yemwe uja Gregory Piper, anangokula naye, nde nkhope siyinasinthe kwenikweni. Steve ndi amene sangamuiwale.

Kabaza_Express
Steve wake uti, amene akuzungulira ma famase kugula mapilitsi uja? Msana uja chimugwetsereni pa masitepe sizoni 4 sunachire, pano akumwa mankhwala opha ululu ngati mtedza nkutsirira mowa. Tsiku limene adzayeze anthu mkodzo ku ofesi wapita. Ndipo mbali ina ikadziwa, imugwira pomwepo.

NaMbewe_Luton
Mapilitsi amenewo si masewera, a codeine aja pa paketi amalemba kuti osapitirira masiku atatu, nchifukwa chake akusinthasintha mashopu kuti asamuzindikire. Mnzanga wina anayamba choncho atavulala ku ntchito yonyamula katundu, zinatenga chaka kuti asiye. Zandikhudza kuti aonetsa zimenezi mosabisa, Steve ali yekhayekha m'nyumba, mnzake Kate kulibe, udindo ukadali wa sajenti pomwe Kate anakwera kale.

Wa_ku_Joni
Nkhani ya udindoyo ndi yofunika. Lamulo lawo lija loti wapolisi afunsidwe ndi womuposa udindo, Davidson ndi DCI, udindo wotsatira wa superintendent, nde mu AC-12 yonse amene angamufunse ndi Hastings yekha. Akangomuchotsa Hastings mlandu wafa. Nchifukwa chake ine ndikuyang'ana amene akufuna kumuchotsa osati amene anaona vani.

Bonya265
Chabwino, ndamva zonse, komabe ine ndikuti episodi yoyamba imafunika kugunda kuposa paja. Anthu 9.6 miliyoni anaonera usiku umodzi, ambiri mwa iwo sakumbukira fuliji ya 2012 kapena Lee Banks. Munthu asamachite kubwereza masizoni asanu kuti amve kukoma.

MayiAwiri_Leicester
Sizoni ino ili ndi ma episodi 7 osati 5 kapena 6 ngati zinazi, ali ndi mpata woyala nkhani. Ndipo ndi lockdown ya 2021 anthu anabwereza kale, ine ndi bambo a kunyumba tinayambira pa Gates mu February.

Dzungu_la_Dedza
Lamulungu ikamayamba 9 koloko kwanuko kuno imakhala 11 usiku, muzidikira kaye kuche musanayambe kulemba, ena timatsegula foni tili m'tulo.

Kabaza_Express
Sabata ino mawotchi akusintha kuno ankolo, pa 28 March tikupita patsogolo ndi ola limodzi, nde kwanuko izikhala 10 koloko. Koma tidzalemba chenjezo pamwamba.

Usiku_Shifiti
Ine Lamulungu ndili pa ntchito ndidzakupezani Lolemba. Chimene ndikufuna kudziwa ndi kumene amusunga Terry, chifukwa kazitape wafa, Banks sakuoneka, watsala amene anaona nkhope za anthu amene anamulowetsa mu nyumba muja ndi iyeyo basi. Ndipo amene akudziwa adiresi ya kumene ali ndi apolisi a ku Hillside Lane omwewo.

Mbewa_Yowamba
Ndipo mapepala a kumene akasungidwe adutsa pa tebulo la ndani? Muyang'ane amene asaine.